Anandisoka koma zinamasuka: kodi mnofu wotengedwa pena ungatsekedi bowo la fistula?

Funso: Adokotala, ndine mayi wa zaka 27, kwathu ndi cha ku Tsangano m'boma la Ntcheu. Chaka chatha ndinachira mwana wachitatu. Matenda anayamba usiku mvula ikugwa, ndipo kuchipatala ndinafika tsiku lachiwiri. Mwana anabadwa wamoyo koma ine ndinang'ambika mpaka kumbuyo. Anandisoka, koma patangotha sabata ndinayamba kuona chimbudzi ndi mpweya zikutulukira kutsogolo. Patapita miyezi inayi anandichita opaleshoni, koma sipanathe masabata atatu zinayambiranso. Tsopano akuti ndipite ku Lilongwe, ndipo dokotala wina wandiuza kuti mwina akatenga mnofu pena n'kukamata pabowopo, mwinanso akandiika kathumba pamimba. Mnofuwo ndi wa ndani? Sindikapunduka? Ndidzaberekanso? Geni yanga ya kachewere ndinasiya, kutchalitchi sindipitanso. Apongozi akuti ndi chilango chakuti ndinawazembera amuna anga ndili ndi pakati.

Yankho: Amayi, pepani kwambiri ndi zimene mwadutsamo, ndipo zikomo polimba mtima n'kulemba. Bowo ngati lanuli limatsekeka, ngakhale opaleshoni yoyamba inakanika. Mnofu umene akunenawo ndi wanu womwe, wochokera m'thupi mwanu, ndipo kuutenga sikupundula munthu. Ndathandizapo amayi amene anasokedwa kawiri, ena katatu, lero akulima, akugulitsa pamsika, akuimba kwaya. Sindingalonjeze kuti zikatheka ulendo umodzi, koma pomwe mwafikapa si pamapeto pa njira.

Za apongozi ndinene pompano. Vutoli silibwera chifukwa cha chigololo kapena kulodzedwa. Ndikudziwa kuti kwathu kuno mayi akachedwa kuchira ena amamuumiriza kuti aulule amuna amene anayenda nawo, ndipo zimandiwawa, chifukwa maola amene amatha akumufunsa mafunsowo ndi omwe akanamufikitsa kuchipatala. Chimene chinakuchedwetsani inu ndi mvula, mdima ndi mtunda. Mulandu mulibe.

Pakati pa njira yodzera mwana ndi thumbo lomaliza losungira chimbudzi pali khoma lopyapyala. Pobereka, khomali limawonongeka mwa njira ziwiri. Mwana akakakamira nthawi yaitali, mutu wake umapanikiza minofu ya mayi ku mafupa a m'chiuno, magazi amasiya kufika pamenepo, mnofu umafa, ndipo pakapita masiku angapo umayoyoka n'kusiya bowo. Amayi otere kawirikawiri amadonthanso mkodzo. Njira ina ndi imene ikuoneka kuti inakuchitikirani inu: kung'ambika kuchokera kutsogolo mpaka kotulukira chimbudzi. Akasoka, nthawi zina khungu la pamwamba limapola bwinobwino koma ulusi wa mkati n'kumasuka, makamaka pakalowa mafinya. Kunja kumaoneka ngati zonse zili bwino, mkati mutatsala kabowo.

Kubereka sindiko kokha kumene kumabweretsa fistula yotere. Khansa ya khomo la chiberekero, imene yatha amayi ambiri m'Malawi muno, ikafalikira imaboola khomali. Kuwotcha khansa ndi makina nakonso kumatha kuumitsa mnofu mpaka kuboola patapita miyezi kapena zaka. Palinso kugwiriridwa mwankhanza, chithupsa cha pafupi ndi kotulukira chimbudzi, ngozi ya pa opaleshoni ina, ndi matenda otupitsa matumbo otchedwa Crohn. N'chifukwa chake mayi amene wayamba kuona zoterezi asanabereke posachedwa, makamaka ngati akutaya magazi kapena akuwonda, timayamba tamuyeza khansa tisanaganize zosoka.

Pa 23 May chaka chilichonse, kuyambira 2013, dziko lonse limakumbukira za kuthetsa fistula, ndipo mawailesi athu amakamba ndithu. Koma amakamba kwambiri za kudontha mkodzo. Za chimbudzi anthu amachita nazo manyazi, motero mayi wa vuto lanuli amaganiza kuti alipo yekha. Ndimawazindikira asanalankhule. Amakhala kumapeto kwa benchi pafupi ndi khomo, atavala zitenje zitatu, ndipo amalola aliyense kuwadutsa pamzere kuti alowe omaliza. Wina anandiuza kuti tsiku lobwera kuchipatala anagona ndi njala dzulo lake, kuopa kuti angadzichititse manyazi m'minibasi.

Nanga opaleshoni yanu inakanika bwanji? Sindinakupimeni, koma zifukwa zake zimakhala zodziwika. Pamalopa pamadutsa chimbudzi tsiku ndi tsiku, ndipo m'chimbudzi muli tizilombo tambirimbiri. Thumbo nalo limakankha ndi mphamvu munthu akamadzithandiza, ndiye ulusi umakokeka. Koma chachikulu ndi magazi. Ulusi sulumikiza mnofu, umangougwirizira kwa masabata angapo kuti thupi lilumikize lokha, ndipo thupi limalumikiza ndi magazi. Pamene panang'ambika, n'kuola, n'kusokedwanso, pamakhala chipsera cholimba ngati chikopa chouma, chosafika magazi okwanira. Mukudziwa chitenje chakutha: mukasoka pong'ambikapo, mawa chimang'ambikanso m'mbali mwa ulusi womwewo. Vuto silikhala pa singano, nsaluyo ndiyo yatha mphamvu. Mpaka mutaikapo chigamba cha nsalu yolimba.

Chigamba chathu chimasiyana ndi cha telala pa chinthu chimodzi: chimakhala chamoyo. Sitidula mnofu n'kuuchotseratu ngati nthuli. Timaumasula mbali imodzi, mbali inayo n'kuisiya yolumikizika ku mtsempha wake, kenako timaupindira pamene pakufunika. Zili ngati mphukira ya dzungu imene mwaikokera pa mzere wina koma phata lake lili pomwe linamera, likuyamwabe. Mnofuwo umabwera ndi magazi ake pamalo ouma aja, komanso umakhala pakati kuti ulusi wa thumbo usagundane ndi ulusi wa njira ya mwana.

Njira yodziwika kwambiri imatchedwa ndi dzina la Heinrich Martius, dokotala wa ku Germany amene anailemba mu 1928. Iye ankagwiritsa ntchito kamnofu ka pafupi ndi khomo la njira ya mwana, koma masiku ano timatenga mafuta a mkati mwa mlomo umodzi waukulu wa kumaliseche. Ndikufotokozereni mmene zimayendera, chifukwa mantha ambiri amachokera posadziwa. Amakubayani jakisoni wa pamsana, kuyambira m'chiuno kutsika mmunsi kumachita dzanzi, simumva ululu. Dokotala amayamba walekanitsa khoma la njira ya mwana ndi la thumbo mozungulira bowolo mpaka thumbo litamasuka, kuti m'mbali mwa bowo mukumane popanda kukoka. Apa ndiye pagona luso lonse, ndipo pamatenga nthawi. Akatero amachotsa chipsera chouma, n'kusoka thumbo ndi ulusi wosungunuka wokha. Kenako amacheka motsika pa mlomo waukulu uja. Mkati mwake muli mafuta achikasu, ofewa, otalika ngati chala. Amawamasula kumtunda, kumunsi n'kusiya kolumikizika, amaboola kanjira pansi pa khungu, n'kuwadutsitsa mpaka akagone pamwamba pa ulusi wa thumbo. Amawamangirira ndi timaulusi tingapo, n'kutseka khoma la njira ya mwana pamwamba pake. Pa mlomo paja amasokapo, nthawi zina n'kusiyapo kapaipi kakang'ono kotulutsa magazi kwa tsiku limodzi kapena awiri. Pakapola pamatsala kamzere kobisika.

Bowo likakhala lalikulu, kapena mayi ali wowonda kwambiri moti mafuta aja ndi ochepa, kapena njira ya Martius inayesedwa kale, timapita ku ntchafu. Mkati mwa ntchafu muli mnofu wautali wopyapyala wotchedwa gracilis, wochokera pa fupa la chinena kukafika mmunsi pang'ono mwa bondo. Amaumasula cha kubondo n'kuupindira mmwamba, mtsempha wake uli chilumikizire. Apa ndi pamene amayi ambiri amandigwira dzanja n'kufunsa ngati adzayendenso. Amayenda. Ntchito yobweza mwendo mkati imagwiridwa ndi minofu ingapo ikuluikulu, ndipo gracilis ndi wothandizira chabe. Masabata oyamba ntchafu imawawa, mwina kutupa, ndipo chipsera chimatsala, koma kumunda ndi kuchitsime munthu amabwerera.

Palinso chigamba cha khungu la m'mphechepeche, chotchedwa Singapore chifukwa madokotala a kumeneko ndiwo anachilemba mu 1989. Chimathandiza pamene njira ya mwana yafota kapena yatsekeka ndi zipsera moti palibe khungu lokwanira kuphimbira. Madokotala a ku Bwaila ku Lilongwe akhala akugwiritsa ntchito chigamba chimenechi ndi cha gracilis pa amayi amene fistula yawo inavuta. Bowo likakhala mmwamba kwambiri, pafupi ndi chiberekero, nthawi zina amadzera pamimba n'kutsitsa nsalu ya mafuta imene imaphimba matumbo, ija mumaiona mukamatumbula mbuzi.

Mwina munamvapo zakuti amaika mnofu wa nkhumba. Kumaiko ena kulidi zigamba zopangidwa kufakitale kuchokera ku matumbo a nkhumba kapena ku khungu, zotsukidwa mpaka kutsala ukonde wokha woti mnofu wa munthu umerepo. N'zodula, sizipezeka wamba kwathu kuno, ndipo zimabwera zopanda magazi akeake. Ine pa chipsera chouma ndimakhulupirira mnofu wa mwini wake. Komabe ngati chipembedzo chanu chili ndi malamulo pa zimenezi, funsani musanasaine. Ndi ufulu wanu.

Sikuti fistula iliyonse imafuna chigamba ayi. Kabowo katsopano kozunguliridwa ndi mnofu wofewa kamatsekeka ndi kusoka kwabwino kokha, ndipo kuonjezerapo bala lina kungakhale kumuvutitsa mayi pachabe. Kale madokotala ena ankaika chigamba cha Martius pafupifupi kwa aliyense, koma ambiri anasiya ataona kuti pa mabowo osavuta sichionjezera kanthu. Chimagwira ntchito pamene panasokedwa n'kumasuka, pamene pali chipsera chambiri, kapena pamene panawotchedwa ndi makina a khansa. Inu muli m'gulu la amene anasokedwa n'kumasuka, motero amene anakuuzaniwo sananame. Chigamulo chomaliza nthawi zambiri chimapangidwa pa tebulo la opaleshoni, dokotala akaugwira mnofuwo n'kuona ngati ukuchucha magazi ofiira kapena uli mbuu.

Pali chinthu chimodzi chimene simunalembe koma ndikufuna mukachinene. Poti munang'ambika mpaka kumbuyo, n'kutheka kuti kamnofu kozungulira kamene kamatseka kotulukira chimbudzi kanadukanso. Kodi mukafuna kudzithandiza mumatha kudikira mpaka kufika kuchimbudzi? Mpweya mumatha kuugwira? Ngati simutha, auzeni mosabisa, chifukwa kamnofu kameneko kayenera kulumikizidwa pa opaleshoni yomweyo. Kukapanda kutero bowo limatsekeka koma zovala n'kumadabe, mayi n'kumaganiza kuti opaleshoni yakanikanso.

Za kathumba. Madokotala amati colostomy. Amatulutsa thumbo pakhungu la pamimba kuti chimbudzi chizigwera m'kathumba komata, pomwe asokapo papume. Si aliyense amene amaikidwa, ndipo mabowo ambiri a mmunsi timawakonza popanda kathumba. Timakaganizira pamene bowo ndi lalikulu, lili mmwamba, muli mafinya osatha, kapena kusoka kwakanika kangapo. Kwa mayi wa fistula ya pobereka kamakhala ka kanthawi, kawirikawiri miyezi itatu kapena kuposerapo, ndipo akatsimikiza kuti pansi papola amabwezera thumbo mkati. Ndikudziwa kuti kumva kokha kumanyansa. Koma mayi wina wa ku Dedza amene anakana kathumba kwa chaka chathunthu, atavomera anandiuza patangotha sabata kuti kwa nthawi yoyamba zilonda za m'mphechepeche zauma ndipo wagona usiku wonse osadzuka kukachapa. Mukauzidwa kuti kakufunika, funsani kuti n'chifukwa chiyani, kadzakhala miyezi ingati, ndipo matumba ake muziwapeza kuti mukabwerera kumudzi. Safunsa anadya phula.

Kupita ku Lilongwe pitani msanga, koma musadabwe akakakuuzani kuti mudikire. Pambuyo pa kubereka kapena pa opaleshoni yokanika timadikira miyezi itatu, nthawi zina mpaka isanu ndi umodzi, kuti kutupa kuphwe ndipo mnofu ufewe. Kusoka pamalo otupa n'kuononga mwayi, chifukwa kusoka kulikonse kokanika kumasiya chipsera china. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa nthawi yodikirayo akayeza magazi anu ngati ndi okwanira, shuga, ndi HIV. Amene ali pa ma ARV ndipo akumwa mokhulupirika amachitidwa opaleshoniyi n'kupola. Fodya, wosuta ngakhale wa chingambwe, amachepetsa magazi opita ku chilonda, ndiye ngati mumamugwiritsa ntchito musiyeni.

Podikirapo musadzimane chakudya. Amayi ambiri amadya pang'ono kuti chimbudzi chichepe, n'kufika ku opaleshoni atawonda, magazi atatha, ndipo thupi lotero silipola. Idyani nsima, nyemba, usipa, mazira, masamba. Mukatsegula m'mimba pitani kuchipatala msanga, poti chimbudzi chamadzi ndicho chimadutsa kwambiri pabowo. Sambani ndi madzi ofunda oyera mukatha kudzithandiza, pukutani mosakhula, pakani Vaseline pakhungu. Nsalu zanu muziyanika padzuwa, osati pansi pa mphasa. Ndipo chonde musalowetsemo zitsamba, thonje kapena mankhwala aliwonse oumitsa. Ndaonapo kabowo konga nsonga ya cholembera katakula kufika polowa zala ziwiri chifukwa cha mankhwala owotcha amene mayi anagula kuti atseke. Yambaninso kulera tsopano lino, chifukwa mimba ikalowa opaleshoni imaimitsidwa.

Zovuta zake zilipo ndipo sindikubisirani. Bala la pa mlomo kapena pa ntchafu likhoza kusonkhana magazi kapena kuchita mafinya. Ena pamalopo pamachita dzanzi kwa miyezi, ena mbali imodzi imaoneka yophwa pang'ono kuposa inzake. Ena amamva kuwawa pokhala malo amodzi ndi abambo, makamaka miyezi yoyamba. Ndipo chigamba nachonso chikhoza kulephera, bowo n'kutsegukanso, ngakhale kawirikawiri limakhala laling'ono kuposa poyamba ndipo limakonzekanso.

Mukatuluka ku opaleshoni mukhala ndi kapaipi ka mkodzo kwa masiku angapo, ndipo muyembekezere kugona m'chipatala pafupifupi masabata awiri. Masiku oyamba ndi a zamadzimadzi ndi phala, kenako chakudya chofewa, pamodzi ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi. Mdani wamkulu wa ulusi ndi kudzimbidwa. Mukabwerera kwanu, mgaiwa ukhale patsogolo pa ufa woyera, mapapaya, nkhwani, chisoso, ndi madzi ambiri ngakhale kuzizire bwanji ku Tsangano. Musadzikakamize kuchimbudzi. Kwa miyezi itatu musasenze thumba la kachewere, ndowa yamadzi kapena mtolo wa nkhuni, musasinje, musakwere kabaza m'misewu ya mabampu ngati pali njira ina. Kwa miyezi itatu yomweyo, kapena kuposa ngati dokotala watero, musakhale malo amodzi ndi abambo. Pa mfundo iyi ndi pamene ntchito yabwino yambiri imaonongekera. Ndikupemphani kuti abambo akunyumba apite nanu, akamve okha kuchokera pakamwa pa dokotala, kuti mawuwa asakhale anu nokha pakhomo. Apongozi atafuna kubwera ngati gadiyani, aloleni. Masabata awiri m'wodi ya amayi a fistula amaphunzitsa munthu zambiri kuposa mmene ine ndingalembere.

Kubereka mukhoza kudzaberekanso, ngati mukufuna, chifukwa opaleshoniyi sikhudza chiberekero. Dikirani chaka chimodzi kapena kuposerapo. Mukadzaima, yambani sikelo msanga, muwauze anamwino kuti munakonzedwa fistula ndipo alembe m'buku lanu la kuchipatala. Mwana ameneyo adzabadwe pa opaleshoni yokonzekera, osati kudzera kumunsi. Mwezi womaliza mukakhale kuchidikiro pa chipatala cha boma, matenda asadzakupezeninso kumudzi usiku wa mvula.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira tsiku la kalata, kaya opaleshoni isanachitike kapena itachitika: kutentha thupi ndi kunjenjemera, kutupa kowawa kwambiri kapena mafinya onunkha pabala, kutaya magazi kosaleka, mimba kutupa n'kumasanza osatulutsa mpweya kapena chimbudzi, kulephera kukodza, ndi mwendo umodzi kutupa n'kumawawa. Mukaona chimodzi mwa izi thamangirani kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo. Mukaonanso mpweya kapena chimbudzi chikutulukira kutsogolo pambuyo pa opaleshoni, musabisale ndi manyazi kuti mwakhumudwitsa madokotala. Bwererani. Timabowo tina ting'onoting'ono timatsekeka tokha tikasamalidwa msanga. Ndipo ngati maganizo akukulemerani mpaka kufuna kudzichotsera moyo, uzani namwino kapena munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, chifukwa amayi ambiri a vutoli amafika pamenepo ali chete.

Koyambira ndi pa chipatala cha boma cha Ntcheu, kapena cha Dedza kwa amene ali mbali imeneyo. Pemphani kalata yokutumizani ku malo othandizira amayi a fistula pa chipatala cha Bwaila ku Lilongwe, amene amayendetsedwa mothandizidwa ndi bungwe la Freedom From Fistula. Chithandizo chake n'chaulere. Funsani komweko ku boma za tsiku loyenera kupita ndi za mayendedwe, kuti musakwere minibasi ya pa M1 kawiri. Tengani buku lanu la kuchipatala, la sikelo ya mimba yomalizayi, ndi kapepala kalikonse ka opaleshoni yoyamba ija, ngakhale kakhale kong'ambika, chifukwa dokotala amene akakusokeniyo afuna kudziwa pamene mnzake anadzera. Mwana ngati akuyamwabe, nenani pokonza tsikulo kuti akuuzeni za gadiyani woti azikamugwira.